Mendulo ya Rooks inali ya mwayi, kapena America yadzukadi pa steeplechase?

Chimz: Akuluakulu, tandithandizeni. Kenneth Rooks anatenga siliva pa Olimpiki ku Paris mu 2024, aliyense n'kumati America yapeza mfumu yatsopano ya steeplechase, mpikisano wothamanga molumpha zotchinga. Chaka chotsatira pa World Championships ku Tokyo mnyamata yemweyo anathera mu ndime ya chipulula, fainolo anaonera ngati ifeyo. Ndiye zoona zake ndi ziti? Anthuwa alipo kapena anangogwera mwayi?

Mbewe wa ku Chipata: Mwayi basi. Lamecha Girma wa ku Ethiopia akanapanda kugwa pa chotchinga chija, Rooks akanapita kwawo ndi buronzi, mwinanso chimanjamanja. Musandifunsenso.

Nachisale: A Mbewe, mwayamba kale kkkk. Girma anagwa chifukwa chiyani? Sanagwe ali phee. Belu litalira, Rooks anachoka ngati wapsa, onse anadzidzimuka, Girma n'kuyamba kumuthamangitsa ndi liwiro loti sakanathanso kuwerenga mapazi ake. Anakola bondo pa mtanda, n'kumenyetsa mutu pansi, mpaka kumunyamula pa machira. Amene anasokoneza mpikisano wonse ndi Rooks yemweyo. Komanso taonani nthawi: Soufiane El Bakkali wa ku Morocco 8:06.05, Rooks 8:06.41, Abraham Kibiwot wa ku Kenya 8:06.47. Munthu sathamanga 8:06 mwangozi.

Mbewe wa ku Chipata: Nanga wabwerezanso liti?

Nachisale: Funso limenelo ndiye labwino. Pamenepo sindikutsutsani.

Mayi a Tadala: Pepani abale, ine ndimangotsatira za marathon. Mpikisano wake ndi uja amalumphira m'madzi? Amachita kufuna kunyowa?

Aphunzitsi a PE: Womwewo mayi. Ndi mamita 3000, ndipo pa mtundawo pali zotchinga zouma 28 ndi kulumpha dzenje la madzi ka 7. Kwa amuna chotchinga chimatalika masentimita 91.4, kwa akazi 76.2. Musachiyerekeze ndi timahedulo ta 110m tomwe ukatigunda timagwa tokha. Ichi ndi chimtanda cholemera, ukachigunda umagwa ndiwe. Dzenje lake ndi lotalika mamita 3.66, lakuya kufupi ndi mtanda, n'kumaphwa pang'onopang'ono kutsogolo. Ndiye wodziwa amaponda pamwamba pa mtanda ndi phazi limodzi, n'kudzikankha patali, kuti atere kosaya, phazi limodzi m'madzi linalo lili kale panja. Wotopa amangoti khuvu pakati, madzi m'mawondo, anzake apita. Mukafuna kudziwa amene apambane, musayang'ane nkhope, yang'anani dzenje lomaliza.

Mayi a Tadala: Eee, ndiye ndi chilango chenicheni.

Malume a ku Indiana: Ndalowa mochedwa, ndinali ku shifiti. Chimz mphwanga, funso lako silingayankhidwe ndi Rooks yekha, bwerera m'mbuyo pang'ono. Amuna a ku America pa Olimpiki: Horace Ashenfelter golide mu 1952 ku Helsinki, munthu wogwira ntchito ku FBI amene anagonjetsa wa ku Soviet Union, manyuzipepala anasangalala nazo kwambiri. George Young buronzi mu 1968. Brian Diemer buronzi mu 1984. Kenako zii zaka 32, mpaka Evan Jager atatenga siliva ku Rio mu 2016. Ukaona mndandanda umenewu uona kuti dzikoli limatulutsa munthu mmodzi, n'kugona, n'kudzatulutsanso wina. Kenya ndi ina: kuyambira 1984 mpaka 2016 golide wa amuna sanapite kwina, ma Olimpiki 9 otsatizana. Chodabwitsa pa Rooks n'choti kuchoka pa Jager kufika pa iye panangodutsa zaka 8. Kwa ine chimenecho ndiye chizindikiro, osati siliva pawokha.

Mbewe wa ku Chipata: Zikomo Malume ponena za Kenya musanakakamizidwe.

Chimz: Koma Jager ndiye anali katswiri weniweni. Kanema wa ku Paris wa 2015 ndikamuonera mtima umandipweteka mpaka lero.

Aphunzitsi a PE: Usandikumbutse. Anali atamusiya Jairus Birech, wotchi ikulonjeza 7:57 kapena chapomwepo, kwatsala chotchinga chimodzi chokha. Chala cha phazi chinangokhudza mtanda, munthu pansi. Birech anadutsa n'kumaliza mu 7:58, Jager anadzuka n'kumalizabe mu 8:00.45. Tangoganizani, kugwa, kudzuka, n'kuikabe rekodi ya dziko lake. Rekodi imeneyo ikadalipo, ndipo palibe wa ku America amene anatsikapo pansi pa mphindi 8. Moses Kiptanui anachita zimenezo mu 1995 ku Zurich. Zaka 30 zapita, America sinalowebe pakhomo limenelo, pamene Girma anafikitsa rekodi ya dziko lonse pa 7:52.11 mu 2023.

Nachisale: Jager ubwino wake sunali tsiku limodzi. Anapambana mpikisano wa dziko lake zaka 7 zotsatizana, 2012 mpaka 2018. Nambala 6 ku London 2012, siliva ku Rio, buronzi pa World Championships mu 2017. Amapita ku Diamond League, mipikisano ya chaka ndi chaka ya akatswiri a dziko lonse, n'kumatsogolera Akenya, osati kubisala kumbuyo kudikira kuti wina agwe. Izi ndi zomwe Rooks sanationetsebe. Ndipo mukumbukire kuti Jager sanakulire mu steeplechase, anali wa 1500m ndi 5000m, kochi wake Jerry Schumacher ndiye anamutembenuza mu 2012, chaka chomwecho n'kuswa rekodi ya America ku Monaco.

Malume a ku Indiana: Apo mwakhudza pachilonda, asisi. Vuto la kuno ndi limenelo: ana ambiri sakumana ndi chotchinga mpaka atafika ku yunivesite. M'masekondale a zigawo zambiri mpikisanowu kulibe, kupatula malo ochepa ngati New York. Ndiye mwana waluso kwambiri amasankha mile kapena 5000m, komwe kuli ulemu ndi ndalama. Ku steeplechase kumapita amene kochi wamuona kuti ndi wamphamvu koma sangapambane 1500m. Kwa zaka zambiri unali mpikisano wa otsala. Jager anali wosiyana chifukwa anali ndi luso loti akanatha kukhala kwinako, koma anabwera kuno.

Chimz: Nanga Cole Hocker kapena Yared Nuguse, a golide ndi buronzi wa 1500m ku Paris, atati ayese?

Aphunzitsi a PE: Munthu wa golide wa 1500m akasiye chuma chake n'kumakathyola akakolo m'madzi? Sangayerekeze.

Mbewe wa ku Chipata: Ndiye mukuvomereza kuti amatumiza timu B. Komanso tisaiwale kuti nthawi ya Jager amene amamuthandiza kudzaza timu anali Hillary Bor, Stanley Kebenei, kenako Benard Keter. Onsewo anabadwira ku Kenya. America yake iti?

Malume a ku Indiana: A Mbewe, chenjerani, mukulankhula ndi munthu amene ana ake ali ndi pasipoti ya buluu ya America kkkk. Bor anabwera kudzaphunzira ku Iowa State, analowa usilikali wa dzikoli, anathamangira timu ya asilikali, anamaliza nambala 7 ku Rio. Sanagulidwe atapambana kale. N'zosiyana ndi nkhani ya Stephen Cherono amene anasanduka Saif Saaeed Shaheen wa ku Qatar ali kale katswiri. Ndipo timu ya amuna ya ku Paris, Rooks, Matthew Wilkinson ndi James Corrigan, onse anakulira konkuno. Mfundo yanu inatha ntchito.

Nachisale: Amuna inu mwatha ola lonse pa anyamata, pamene nkhani yaikulu ya America pa mpikisanowu ndi ya akazi. Ndiloleni ndiyale bwinobwino.

Akazi anayamba kuthamanga steeplechase pa World Championships mu 2005, pa Olimpiki mu 2008. Poti mpikisano unali watsopano, mayiko onse anayambira pamzere umodzi, ndipo mayunivesite a ku America anali atayamba kale kuuchita. Jenny Barringer, amene pambuyo pake tinamudziwa kuti Simpson, anatsegula njira: nambala 5 ku Berlin mu 2009. Iyenso anathawira ku 1500m n'kukatenga golide mu 2011, zomwe Malume amanena zija. Kenako Emma Coburn, mtsikana wa ku Crested Butte kumapiri a Colorado, wophunzitsidwa ndi Mark Wetmore ndi Heather Burroughs: buronzi ku Rio. Ndiye London 2017, usiku umene palibe anaulota: Coburn golide 9:02.58, Courtney Frerichs siliva 9:03.77, Hyvin Kiyeng wa ku Kenya wachitatu. Coburn siliva ku Doha 2019. Frerichs siliva pa Olimpiki ku Tokyo mu 2021, atachita kutsogola yekha kutali n'kudutsidwa ndi Peruth Chemutai wa ku Uganda kumapeto. Patangopita masabata ochepa anathamanga 8:57.77 ku Eugene, rekodi ya America.

Werengani: 2016, 2017, 2019, 2021, mpikisano waukulu uliwonse mendulo. Amuna sanachitepo zoterezi.

Mbewe wa ku Chipata: London ija Beatrice Chepkoech anaiwala kukhotera ku dzenje la madzi, anachita kubwerera. Mwayinso umenewo.

Nachisale: A Mbewe, kwa inu wa ku America akapambana ndiye kuti wina wagwa kapena wasochera. Kukumbukira komwe kuli dzenje ndi mbali ya mpikisano. Koma dikirani, chifukwa kumene ndikupitaku mukondwera. Mendulo zonsezo ndi za anthu awiri okha. Awiriwo atavulala mu 2024, Coburn kuthyoka kakolo pa Diamond League ku China, Frerichs kuduka mtsempha wa m'bondo (ACL), zinaoneka poyera kuti denga lonse linali pa mizati iwiri. Valerie Constien anapambana ma trials, mpikisano wosankhira timu ya Olimpiki, mu 9:03.22, nthawi yabwino kwambiri, makamaka kwa munthu amene chaka chapitacho anachitidwa opaleshoni ya bondo. Courtney Wayment ndi Marisa Howard anatsatira, onse pansi pa 9:08. Tinati eya, gulu lilipo. Kufika ku Paris: Winfred Yavi wa ku Bahrain 8:52.76, Chemutai 8:53.34, Faith Cherotich wa ku Kenya 8:55.15. Wayment nambala 12, Constien 15. Nthawi imene inapatsa Coburn golide mu 2017 sikanamupatsa ngakhale nambala 5 ku Paris. Akazi a ku America sanabwerere m'mbuyo kwenikweni ayi, koma dziko linasamuka ndi masekondi 10 iwo ali pomwepo.

Aphunzitsi a PE: Masekondi 10 pa liwiro limenelo ndi mamita oposa 50. Uli pa dzenje mnzako akuona kale mzere.

Mayi a Tadala: Nanga panopa kulibe atsikana atsopano?

Nachisale: Alipo mayi, ndipo ndi ana ndithu. Timu ya ku Tokyo mu 2025 inali Lexy Halladay-Lowry, Angelina Napoleon ndi Kaylee Mitchell, maina oti zaka zitatu zapitazo ambiri sitinkawadziwa. Analimba, koma kutsogolo Cherotich anapambana mu 8:51, palibe anayandikira mendulo. Chomwe chimandipatsa chidwi ndi Doris Lemngole, Mkenya wophunzira ku Alabama. Mu 2025 anapambana NCAA, mpikisano wa mayunivesite a ku America, mu 8:58.15, woyamba wa pa yunivesite kutsika pansi pa mphindi 9. Atsikana a ku America tsopano akumakula akuthamangitsa munthu wa 8:58 pakhomo pawo pomwe. Kale umayenera kukwera ndege kupita ku Ulaya kuti ukaone liwiro lotere.

Malume a ku Indiana: Kuno nkhani imeneyo ndi mkangano waukulu. Makolo ena amadandaula kuti makochi akumapita ku Eldoret kukatenga othamanga okhwima kale, ana awo n'kusowa malo ndi sikolashipu. Ena amati mpikisano ukakhwima aliyense amakwera. Ine ndili mbali yachiwiriyi, ngakhale ndikumvetsa kholo limene mwana wake watsala.

Chimz: Halladay-Lowry ndi wa BYU, yunivesite ija ya ku Provo ku Utah, eti? Rooks BYU, Corrigan BYU, Wayment BYU. Ku Provo kuli chiyani?

Aphunzitsi a PE: Uwonjezere Henry Marsh, amene anagwira rekodi ya America ya 8:09.17 kuyambira 1985 mpaka Daniel Lincoln ataiswa mu 2006. Nayenso BYU. Marsh ankadziwika ndi kuthamangira kumbuyo kwenikweni n'kumadya anzake mmodzimmodzi kumapeto. Rooks atagwa pa mpikisano wa dziko lake mu 2023, pasanathe ndi kilomita imodzi, sanachite phuma. Anagubuduka, anadzuka ali womaliza, anabwerera pang'onopang'ono n'kupambana. Ameneyo ndi munthu woti anaphunzitsidwa zochita ukagwa. Makochi a BYU, Ed Eyestone kwa amuna ndi Diljeet Taylor kwa akazi, amautenga mpikisanowu ngati wofunika, osati kotayira otsala. Onjezani kuti Provo ili pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,400, ndiponso anyamata ambiri amapita kaye ku utumiki wa mpingo wawo zaka ziwiri, amabwerako atakhwima thupi. Rooks anakatumikira ku Uganda mpaka corona inamubweza.

Mbewe wa ku Chipata: Aaa, ndiye anakamwa madzi a ku Kampala. Tsopano ndamvetsa kkkkk.

Malume a ku Indiana: Nkhani ya Corrigan inandisangalatsa kuposa ya Rooks. Anamaliza wachitatu pa ma trials a 2024 koma analibe nthawi yofunika ya Olimpiki, 8:15.00, ndipo anali kutali nayo. Kunatsala masiku owerengeka kuti zitseko zitsekedwe. Anamukonzera mpikisano ku Philadelphia, kunja kukutentha, mnzake n'kumutsogolera liwiro, iye n'kuthamanga 8:13.87. Koma taonani mbali inayo: wachitatu wa dziko lalikulu chonchi analibe 8:15. Ku Kenya ndi ku Ethiopia anthu a 8:15 amatsala kunyumba osatchulidwa n'komwe.

Nachisale: Ndipo amene anatsala pa nambala 4 tsiku limenelo anali Jager, ali ndi zaka 35. Zinandimvetsa chisoni.

Chimz: Ndiye BYU ikangofooka zonse zatha?

Malume a ku Indiana: Ndi pamene pali mantha anga. Ku Kenya mwana amathamanga chifukwa kuthamanga ndi ntchito. Kuno makina onse ndi yunivesite, boma silisamalira othamanga ngati mayiko ena. Tsono mu 2025 khoti linavomereza mgwirizano wa mlandu wa House, woti mayunivesite azigawana ndalama ndi osewera, pafupifupi madola 20.5 miliyoni pa sukulu chaka choyamba. Ndalama zambiri zikupita ku American football ndi basketball. Anaikanso malire a anthu pa timu: 45 pa track, 17 pa cross country. Funsani kuti steeplechase imatola kuti anthu ake: ndi mwana uja wobwera wopanda dzina, amene kochi amamusunga zaka ziwiri n'kudzamuyesa pa chotchinga. Wilkinson anayambira ku Carleton, sukulu yaing'ono ya Division III, asanapite ku Minnesota. Frerichs anali wa gymnastics, anayambira ku UMKC, sukulu yosatchuka pa zothamanga. Malo akachepa, oyamba kuchotsedwa ndi anthu ngati amenewo.

Aphunzitsi a PE: Ndipo akamaliza sukulu adya chiyani? Diamond League inafuna kuchotsa steeplechase pa mndandanda wake waukulu wa 2020, anthu anachita kukuwa kuti ibwerere. Ligi ya Grand Slam Track ya Michael Johnson mu 2025 sinaiike n'komwe. Constien ankagwira ntchito ya tsiku lonse kwinaku akukonzekera Olimpiki. Kampani ya nsapato ikakhala ndi ndalama ya munthu mmodzi, isankha wa mile kapena wa marathon. N'chifukwa chake Bor anasamukira ku mipikisano ya pamsewu.

Mbewe wa ku Chipata: Ndiye mwafika pomwe ndinayambira. Palibe tsogolo.

Nachisale: Ayi, si zomwe tanena. Kwa amuna khomo ndi lotseguka kuposa kale lonse. Kenya sinatengenso golide wa amuna kuchokera pa Conseslus Kipruto ku Doha mu 2019. El Bakkali analamulira 2021 mpaka 2024 koma akukula. Ndipo ku Tokyo mu 2025 amene anamulanda golide ndani? Geordie Beamish wa ku New Zealand, 8:33.88, pa mzere penipeni. Beamish anaphunzira ku Northern Arizona, amakhala ku Boulder, kochi wake ndi Dathan Ritzenhein. Mbendera ndi ya New Zealand koma uvuni umene unamuotcha ndi wa ku America. Fainolo za amuna zikumayenda pang'onopang'ono, n'kuthera pa liwiro la mamita 400 omaliza, ndipo kuthamanga kotero ndi komwe NCAA imaphunzitsa sabata ndi sabata. Wa 8:10 wokhala ndi mapeto akuthwa atha kutenga mendulo. Kwa akazi ndiye n'kovuta, chifukwa Yavi ndi Cherotich sadikira munthu, amayatsa moto kuyambira mfuti. Kumeneko popanda 8:55 usadzivute.

Chimz: Beamish yemwe uja anagwa mu ndime ya chipulula n'kupondedwa kumaso?

Nachisale: Yemweyo. Chithunzi chake chinazungulira paliponse.

Mbewe wa ku Chipata: Edmund Serem wa ku Kenya anatenga buronzi pa mpikisano womwewo ali ndi zaka 17. Muzimukumbukira dzina limenelo mukamalota za Olimpiki ya 2028.

Aphunzitsi a PE: Pamenepo a Mbewe mwanena zoona, mwanayo ndi woopsa. Ine maganizo anga: Rooks si Jager, ndipo mwina sadzakhala. Ndi munthu wa tsiku lalikulu, akhoza kutenga mendulo kapena kuthera mu chipulula, zonse ziwiri tazionapo. Chimene America ikusowa ndi anthu atatu kapena anayi othamanga pansi pa 8:10 chaka chilichonse, kuti wina akadwala pasakhale bwinja. Daniel Michalski anafika mu fainolo ku Tokyo, Wilkinson ndi Corrigan akadali ndi zaka zokwera. Gulu likuoneka, koma palibe amene El Bakkali amagona akumuganiza.

Mayi a Tadala: 2028 ndi kwawo komwe eti?

Malume a ku Indiana: Los Angeles, mu Coliseum, bwalo lomwe Julius Korir anayambitsira ulamuliro wa Kenya mu 1984, Diemer n'kutenga buronzi, Marsh n'kumaliza wachinayi mpaka kukomoka pa mzere. Koma pasanafike pamenepo pali World Championships ku Beijing mu 2027. Ine ndidzaweruzira pamenepo. Akadzaika amuna awiri mu 8 oyambirira ndi mkazi mmodzi pansi pa mphindi 9, ndidzayamba kusunga ya tikiti.

Mbewe wa ku Chipata: Ine ndikubetcha mbuzi: 2028 America zero, amuna ndi akazi omwe.

Nachisale: Ya akazi sindikubetcha. Ya amuna ndavomera, mendulo imodzi ya mtundu uliwonse. A Admin lembani.

Admin: Ndalemba. Mbuzi yamoyo, osati chithunzi. Ndipo a Mbewe, wina akadzagwa pa chotchinga chomaliza musadzati sizikuwerengedwa.

Chimz: Los Angeles tikusiyana maola 9. Fainolo ya madzulo kumeneko ndi cha m'ma 4 koloko m'mbandakucha kuno. Malume mudzatiimbire, ena tulo timagona ngati akufa.

Malume a ku Indiana: Bola udzagule bandulo yako, ine sinditumiza.